Zipupa za Mombasa ndi Anthu Amene Adali Kunja Kwake

Mlendo akafika ku Mombasa, mzinda wa pachilumba cha m'mphepete mwa nyanja yamchere ya India m'dziko la Kenya, malo oyamba kumene amamutengera ndi linga lakale lija Azungu amalitcha Fort Jesus, eni mudzi n'kumangoti Ngome. Palibe chodabwitsa pamenepa. Zipupa zake n'zazitali mamita oposa 15, zidakhazikika pathanthwe loyang'ana pakhomo pa doko lakale, ndipo mizinga yachitsulo ikadali ndandanda, kukamwa kwake kutaloza kunyanja. M'chaka cha 2011 bungwe la UNESCO lidaika lingali m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu onse a padziko lapansi. Koma linga lili ndi khalidwe lake: limakamba za amene adalimanga ndi amene adalilanda, za ena onse limangoti zii. Munthu akhoza kuzungulira m'katimo tsiku lathunthu, n'kutuluka akuganiza kuti mbiri ya Mombasa ndi mbiri ya Apwitikizi, Aluya a ku Oman ndi Angerezi. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti gawo lalikulu la mbiriyo lagona mwa anthu amene adali kunja kwa zipupa, ndipo kuti umboni wa anthu amenewo udasungika m'mawu awo. Ena mwa mawuwo ndi athu, a Chichewa.

Mudzi ndi wakale kuposa linga. Katswiri wa za malo, al-Idrisi, adautchula kale m'buku la Chiluya limene adamaliza mu 1154, ndipo mu 1331 Ibn Battuta, mlendo wotchuka uja wa ku Morocco, adagonako usiku umodzi ali paulendo wa ku Kilwa. Iye adapezako Asilamu opembedza, a mizikiti yamatabwa, amene chakudya chawo chachikulu chidali nthochi ndi nsomba. Mbiri yapakamwa ya eni malo imayambira kwa mfumu yachikazi, Mwana Mkisi wa mudzi wa Kongowea, ndipo pambuyo pake imatchula Shehe Mvita. Dzina la Chiswahili la chilumbachi ndi Mvita, ndipo woperekeza alendo aliyense amafulumira kunena kuti limatanthauza chilumba cha nkhondo, popeza vita m'Chiswahili ndi nkhondo. Tanthauzoli limakoma m'khutu, komanso limagwirizana ndi zimene zidachitika pambuyo pake. Komabe wophunzira chiyankhulo amayenera kuchenjera ndi matanthauzo okoma chotere, chifukwa kawirikawiri amapekedwa dzina litakhalapo kale. Kwathu kuno tidaona momwe mawu akuti boma, amene tidabwereka ku Chiswahili komwe amatanthauza mpanda kapena linga, ena adawapekera nkhani yakuti ndi chidule cha mawu a Chingerezi.

Chimene chidakuza mudziwu ndi doko lakuya ndi mphepo. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kumawomba kaskazi, mphepo ya kumpoto chakum'mawa, imene inkabweretsa zombo za matanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India. Kuyambira Epulo kumawomba kusi, mwera wa kumeneko, umene unkazibweza kwawo. Msodzi wa ku Nkhotakota, amene moyo wake umayendera mpoto ndi mwera, sangavutike kumva zimenezi. Zombo zinkatsitsa nsalu, mikanda ndi mbale za ku China, n'kukweza minyanga ya njovu ndi mitengo yomangira nyumba. Amalonda ankakhala miyezi akudikira kuti mphepo itembenuke, ndipo munthu wodikira amakwatira, amabereka, amaphunzira chiyankhulo cha apongozi ake.

Vasco da Gama adafika mu Epulo 1498, sadamvane ndi eni mudzi, napitirira ku Malindi kumene mfumu yake, mdani wa Mombasa, idamulandira ndi manja awiri. Chibwenzi chimenecho Mombasa adachilipirira. Mu 1505 Francisco de Almeida adathira mudziwo nkhondo, naufunkha ndi kuutentha. Mu 1528 Nuno da Cunha adachitanso chimodzimodzi. Amene adali nawo pankhondo ya 1505 adalemba za nyumba zamiyala zosanja, tinjira topanikiza, ndi anthu amene ankaponya miyala ali pamadenga. Adalembanso chinthu chimene ine ndimachiona chofunika: chipupa cha mudzi chidali mbali yakumtunda, pomwe kunyanja kudali kalinga kakang'ono koyang'anira pakhomo pa doko basi. Eni mudzi ankayembekezera adani kuchokera kumtunda, chifukwa kunyanja kunkachokera malonda. Apwitikizi ndiwo adatembenuza zinthu.

Chaka cha 1589 tikhalepo pang'ono, chifukwa chimatikhudza ife a m'chigwa cha Shire ndi Zambezi. Mkulu wa zombo zankhondo wa mu ufumu wa Ottoman, Mir Ali Bey, adali atafika ku Mombasa kudzathandiza midzi ya Aswahili kuchotsa goli la Apwitikizi. Kuchokera ku Goa kudabwera zombo za Tomé de Sousa Coutinho kudzamuthamangitsa. Nthawi yomweyo, malinga ndi wansembe João dos Santos amene buku lake, Ethiopia Oriental, lidatuluka mu 1609, kumtunda kudali chikhamu cha ankhondo otchedwa Azimba, amene adali atapasula kale Kilwa, ndipo ankadikira pamalo owolokera a Makupa. Mudzi udapanikizidwa uku ndi uku. Mir Ali adadzipereka kwa Apwitikizi, Azimba adawoloka napha anthu ambiri, kenaka adapita ku Malindi kumene Asegeju adawagonjetsa.

Kodi Azimba amenewa adali ayani? Dzinali limapezekanso m'zolemba za Apwitikizi za ku Zambezi, kumene mu 1592 Azimba adagonjetsa ndi kupha akuluakulu a asilikali a ku Sena ndi Tete. Akatswiri ena, monga Edward Alpers, adagwirizanitsa Azimba ndi ufumu wa Lundu wa Amang'anja, ndipo Matthew Schoffeleers adalembapo kwambiri za ubale wa Azimba ndi ufumu umenewo. Ena amakayika ngati Azimba a ku Zambezi ndi a ku Mombasa adali anthu amodzi. Kukayikako kuli ndi maziko. Kuchokera kumunsi kwa Shire kukafika ku Mombasa pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500, ndipo dos Santos sadaone ndi maso ake zimene zidachitika ku Makupa, adangomva. M'kuona kwanga, dzina limodzi m'kamwa mwa mlendo silikwanira kukhala umboni wa mtundu umodzi: Apwitikizi akanatha kutcha Azimba gulu lililonse loopsa lochokera kumtunda. Nkhani yakuti ankadya anthu tiyeneranso kuimva pokumbukira amene ankaikamba ndi phindu limene ankapeza poikamba. Koma kaya adali Amaravi kaya ayi, nkhondo ya 1589 ndiyo idatsegula njira yomangira linga.

Ntchito idayamba mu 1593, n'kutha mu 1596, molamulidwa ndi mfumu Philip II ya ku Spain imene nthawiyo inkalamuliranso Portugal. Mmisiri wojambula mapulani adali Mtaliyana, Giovanni Battista Cairati, amene ankayang'anira malinga a Apwitikizi ku India. Lingali lidasemedwa mbali ina m'thanthwe la mwala wa m'nyanja umene Aswahili amautcha matumbawe, lili ndi nsanja zinayi m'ngodya zake, ndipo ukaliyang'ana uli m'mwamba limaoneka ngati munthu wogona chagada, mutu uli kunyanja. Nsanja ziwiri zakumtunda adaziika moti iliyonse iziteteza inzake ndi mizinga. Mabuku amatchula mmisiri, mfumu ndi mkulu woyamba wa lingali, Mateus Mendes de Vasconcelos. Amene adaphwanya miyala, kuotcha njereza ndi kusenza dothi la m'ngalande yozungulira linga adali anthu a komweko, mothandizana ndi amisiri a ku India, ndipo mayina awo palibe adawalemba. Ufumu wa Mombasa Apwitikizi adaupereka kwa bwenzi lawo, mfumu ya ku Malindi.

Chibwenzicho sichidapite patali. Mfumu Hasan bin Ahmad adakangana ndi mkulu wa linga, nathawira ku Rabai kumtunda, kumene adaphedwa mu 1614 Apwitikizi atapereka chiphuphu. Mwana wake, Yusuf, adamutumiza ku Goa, kumene ansembe adamulera, namubatiza dzina lakuti Dom Jerónimo Chingulia. Atakula adamubweza kudzakhala mfumu ya Chikhristu pakati pa Asilamu. Kwa Aswahili adali Mpwitikizi, kwa Apwitikizi adali Mswahili. Zitamveka kuti amapemphera Chisilamu pamanda a bambo ake, adadziwa chimene chinkamudikira ku Goa. Mu Ogasiti 1631 adalowa m'linga ndi anthu ake, napha mkulu wake, Pedro Leitão de Gamboa, ndipo m'masiku otsatira Apwitikizi a m'mudzimo adaphedwa pamodzi ndi Akhristu akuda amene adakana kusiya chipembedzo chawo. Nkhondo imene idachokera ku Goa kudzalipsira idalephera, koma mu 1632 Yusuf adagumula zimene akanatha kugumula, nakwera chombo, osabweranso. Mwala wolembedwa umene uli pamwamba pa chipata cha linga ndi wa Francisco de Seixas Cabreira, amene adalikonzanso mu 1635. Pamwalapo adalembapo zaka zake, 27, ndi mafumu a m'mphepete mwa nyanja amene adawalanga. Alendo ambiri amadutsa pansi pake osauwerenga, popeza ndi wa Chipwitikizi.

Nkhani imene woperekeza alendo aliyense amaikonda ndi ya kuzingidwa kwa linga ndi Aluya a ku Oman, kuyambira pa 13 Malichi 1696 mpaka pa 13 Disembala 1698, miyezi 33. Anthu oposa 2,000 adathawira m'linga ndi m'ngalande yake, ambiri mwa iwo Aswahili. Njala ndi mliri zidapha anthu kuposa mizinga. Pofika pakati pa 1697 Apwitikizi a m'lingamo adali atatha, ndipo amene adaligwirizira kwa milungu ingapo mpaka thandizo litafika adali Bwana Daud wa ku Faza, Msilamu, pamodzi ndi amuna owerengeka ndi akazi pafupifupi 50. Chaka chomwecho chombo chankhondo chotchedwa Santo António de Tanná, chimene chidabweretsa thandizo, chidamira pafupi ndi linga. Akatswiri adachifukula kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mitsuko, mbale ndi zida zimene adavuula zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya m'lingamo. Pamene Aluya ankakwera zipupa ndi makwerero, m'katimo mudatsala anthu osapitirira khumi ndi ochepa. Zombo zina za ku Goa zidafika patapita masiku owerengeka, zidaona mbendera yofiira ili petupetu, n'kubwerera. Apwitikizi adalowanso mu 1728, koma mu 1729 adatuluka kotheratu.

Akulu amati mlendo ndi mame. Zaka zoposa 100 za Apwitikizi ku Mombasa sizidasiye mpingo, sizidasiye mtundu wa anthu oyankhula Chipwitikizi. Zidasiya linga, zithunzi za zombo ndi nsomba zimene amalinyero adajambula pakhoma ndi makala, ndi timawu tingapo m'Chiswahili: meza, bendera, leso, mvinyo, karata. Ena mwa mawu otere tili nawo ifenso, monga mbendera, kalata ndi nsapato, ngakhale kuti ambiri adatipeza kudzera njira ya Zambezi. Mawu amene amandichititsa chidwi kwambiri ndi gereza, ndende m'Chiswahili, amene amachokera ku igreja, tchalitchi m'Chipwitikizi. Tchalitchi cha Mpwitikizi m'mphepete mwa nyanjayi chinkakhala m'kati mwa linga, ndipo m'linga ndimo ankatsekera anthu. Palibe mwala wolembedwa umene umafotokoza bwino kuposa mawu amodziwa momwe Mswahili ankaonera ulamuliro umenewo.

Aluya a banja la Mazrui, amene adabwera ngati nduna za mfumu ya ku Oman, adadziyimira paokha m'zaka za m'ma 1740 ndipo adalamulira mpaka 1837. Sakanatha kulamulira popanda eni mudzi, amene adali m'magulu 12, Thenashara Taifa: atatu mbali ina, asanu ndi anayi mbali inayo. Mikangano ya magulu awiriwa ndiyo inkakweza kapena kugwetsa wokhala m'linga. Nthawi imeneyi ndiyo idabala Muyaka bin Haji, amene adabadwa cha m'ma 1776 n'kumwalira cha m'ma 1840, mlakatuli amene Aswahili amati adachotsa ndakatulo kumzikiti n'kuzipititsa kumsika. Adalakatula za nkhondo ya Mombasa ndi Seyyid Said, za chikondi, za umphawi, za anthu achinyengo, ndipo adatero m'Kimvita, Chiswahili cha pachilumbapo. Ndakatulo zake zidapulumuka chifukwa Mwalimu Sikujua adazisonkhanitsa pamodzi ndi mmishonale W. E. Taylor kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo zidasindikizidwa ku Johannesburg mu 1940, m'mndandanda wa mabuku wa Bantu Treasury. Wofuna kumva momwe Ngome inkaonekera kwa munthu woima kunja kwake ayambire kwa Muyaka.

Zotsatira tingazidutse msanga. A Mazrui adapempha chitetezo cha Angerezi, ndipo mbendera ya Britain idakwezedwa kuyambira 1824 mpaka 1826 mwa nzeru za Captain William Owen yekha, boma lake osavomereza. Mu 1837 Seyyid Said adalanda mudzi, natumiza akuluakulu a Mazrui ku ukaidi kutsidya kwa nyanja. Mu 1875 zombo za Angerezi zidawombera linga pothetsa kuukira kwa mkulu wa asilikali, al-Akida. Kuyambira 1895 mpaka 1958 Angerezi adalisandutsa ndende, gereza yeniyeni. Atatseka ndendeyo, James Kirkman adayamba kufukula zakale ndi thandizo la ndalama la bungwe la Gulbenkian la ku Portugal, ndipo linga lidatsegulidwa kuti anthu azidzaona. Ngakhale zidali choncho, m'malamulo dera la m'mphepete mwa nyanja lidakhalabe la mfumu ya ku Zanzibar mpaka 1963.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku zaka za ulamuliro wa Zanzibar, pamene minda ya mapira ndi kokonati yozungulira Mombasa inkalimidwa ndi akapolo. Ambiri mwa akapolowo adali ochokera kwathu kuno, Anyanja ndi Ayawo amene ankawolotsedwa nyanja, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, kenaka n'kugulitsidwa m'madoko akumpoto. Aswahili ankawatcha Wanyasa. Mu 1844 kudafika mmishonale wa Chijeremani, Johann Ludwig Krapf, wotumidwa ndi Church Missionary Society, ndipo mkazi wake ndi khanda lawo adamwalira chaka chomwecho. Mu 1846 kudabwera mnzake, Johannes Rebmann, ndipo awiriwa adakhazikitsa mishoni ku Rabai. Rebmann amadziwika chifukwa chakuti mu 1848 adaona chipale pamwamba pa phiri la Kilimanjaro, akatswiri a ku London n'kumuseka. Ife tili ndi chifukwa china chomudziwira.

Mu 1853, pamene ankamanga nyumba ku Kisulutini pafupi ndi Rabai, Rebmann adamva mmodzi mwa antchito ochokera ku Mombasa akuyankhula chiyankhulo chachilendo. Munthuyo adali kapolo, dzina lake Salimini. Adagwidwa kwawo zaka pafupifupi 10 m'mbuyomo, kumalo amene iye ankawatcha Mphande, ndipo ofufuza amene adalondola mayina a midzi ndi mitsinje imene adatchula, monga Andrew Goodson m'nkhani yake ya 2011, amati kudali m'chigawo chapakati cha Malawi, chakufupi ndi Lilongwe. Awiriwa adakhala pansi, wina akutchula mawu, wina akulemba. Zotsatira zake ndi Dictionary of the Kiniassa Language, buku limene Krapf adalisindikiza mu 1877, Rebmann atamwalira kale mu 1876, atabwerera kwawo ali wakhungu. Ameneyu ndiye mtanthauziramawu woyamba wa chiyankhulo chathu. Ntchito yake idagwiridwa David Livingstone asanaone nyanja ya Malawi mu 1859, zaka zambiri galamala ya Alexander Riddel ya 1880 ndi mtanthauziramawu wa David Clement Scott wa 1892 zisanatuluke.

Bukuli lili ndi zovuta zake. Rebmann adali wa kummwera kwa Germany, kumene anthu sasiyanitsa bwino t ndi d, p ndi b, k ndi g, ndipo khutu lakelo adabwera nalo ku Africa. N'chifukwa chake mtundu wa Salimini adaulemba kuti Wakamdunda, pomwe munthuyo ankanena kuti ndi wa akumtunda. Koma tikachotsa chifunga cha kalembedwe kameneka, chimene chimatsala ndi Chichewa chimene munthu wa ku Lilongwe kapena ku Dowa angachimve lero popanda womasulira. Muli ziganizo, miyambi, mayina a mitengo, za kumunda, za ukwati, za maliro. Wophunzira mbiri ya chiyankhulo amapezamo mawu amene adatayika ndi ena amene adasintha tanthauzo, ndipo amapezamo umboni wa momwe Achewa ankakhalira Angoni asanakhazikike pakati pawo. Zonsezi zidatuluka m'mutu wa munthu mmodzi amene kwa zaka khumi adasunga dziko lake m'mtima ali pakati pa eni chiyankhulo china. Pachikuto cha buku pali mayina awiri, la Rebmann ndi la Krapf. M'makalasi athu tiyenera kumalitcha buku la Salimini ndi Rebmann, ndipo dzina la Salimini lizikhala patsogolo.

Salimini sadali yekha. Mu 1875 amishoni adatsegula mudzi wa Freretown kutsidya kwa doko lakale, wolandirirako akapolo amene zombo za Angerezi zinkalanditsa panyanja. Dzinali ndi la Sir Bartle Frere, amene adatumidwa ku Zanzibar kukakambirana zothetsa malonda a akapolo. Ambiri mwa okhalamo adali Anyanja, Ayawo ndi Amakua. Mmodzi mwa atsogoleri awo, William Jones, Myawo amene adaphunzira ku India atalanditsidwa, adadzozedwa mu 1885 ndipo adatumikira ku Rabai, kumene adakana kubweza akapolo othawa kwa ambuye awo. Ukapolo udathetsedwa m'malamulo m'dera limeneli mu 1907. Zidzukulu za anthu amenewa lero ndi Akenya oyankhula Chiswahili, ndipo belu limene linkachenjeza mudziwo lidasiya dzina lake pamalo otchedwa Kengeleni.

Chimene chidapulumutsa mudzi wakale wa Mombasa ndi kunyalanyazidwa. Njanji ya ku Uganda idayambira pachilumbachi mu 1896 n'kufika kunyanja ya Victoria mu 1901, ndipo sitima zikuluzikulu zidasamukira ku Kilindini, mbali inayo ya chilumba, kumene madzi ndi akuya kwambiri. Likulu la boma lidapita ku Nairobi. Doko lakale lidatsalira zombo za matanga, ndipo panalibe wofuna kugumula tinjira take kuti amangepo maofesi. Chiyankhulo cha mudziwo sichidachite mwayi wotere. Krapf adalemba galamala yake ya 1850 potsamira Kimvita, koma amishoni a UMCA ku Zanzibar, kuyambira pa Bishopu Edward Steere, adakweza Kiunguja. Pamsonkhano wa mu 1928, umene udachitikira mu Mombasa momwemo, maboma a atsamunda adasankha Kiunguja kukhala maziko a Chiswahili cha m'sukulu. Chiyankhulo cha Muyaka chidasanduka cha kumudzi pakhomo pake pomwe. Ife amene tidaona Chinyanja chikutchedwa Chichewa mu 1968, ndi kalankhulidwe ka dera limodzi kakukwezedwa pamwamba pa Chimang'anja ndi Chinyanja cha kunyanja, nkhani yotere siyachilendo kwa ife. Kimvita sichidafe: Ahmad Nassir adalakatula m'chiyankhulochi, ndipo Abdilatif Abdalla adalembamo Sauti ya Dhiki, ndakatulo za m'ndende zimene zidatuluka mu 1973. Koma mwana wa ku Mombasa akalemba mato m'malo mwa macho pamayeso, mphunzitsi amamuchongera cholakwa.

Nanga mlendo wa lero amapezako chiyani? Ambiri amagona m'mahotela a kugombe, ku Nyali ndi Bamburi chakumpoto kapena ku Diani chakummwera, ndipo mudzi wakale amaupatsa theka la tsiku. Kuyambira 2017 pali sitima yapamtunda yatsopano yochokera ku Nairobi, imene imayenda maola osapitirira asanu ndi limodzi, ndipo yachulukitsa Akenya eni ake odzaona malowa. Amajambulitsa pa minyanga ikuluikulu yachitsulo ya pa Moi Avenue, imene idayamba kuikidwa mu 1952 polandira mwana wamkazi wa mfumu ya ku Britain, Elizabeth. Amalowa m'linga, amaona mabwinja a tchalitchi, chitsime, nyumba ya Aluya ya pamwamba pa nsanja, ndi njira ya makwerero yosemedwa m'thanthwe imene ozingidwa aja ankalandirira chakudya kuchokera kunyanja. Zonsezi n'zoyenera kuona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Kuima pamwamba pa chipupa dzuwa likupendeka, kaskazi akuwomba, n'kumayang'ana mpata umene zombo zonse zija zinkalowera, kumaphunzitsa zimene buku silingathe.

Koma ndalama ndi chidwi zimathera pamiyala ya Cairati. Nyanja itayamba kukokolola thanthwe, boma la Kenya lidamanga chipupa chotchinga mafunde kuti linga lisagwe. Mudzi wakale, ngakhale udaikidwa pansi pa lamulo loteteza malo mu 1990, sudalowe m'kaundula wa UNESCO monga adalowera Stone Town wa ku Zanzibar mu 2000 ndi Lamu mu 2001. Nyumba zake zambiri, zimene ndi za m'zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa 1900, zili m'manja mwa mabanja amene alibe ndalama zokonzera makonde amatabwa olendewera pamwamba pa msewu. Zina zikugwa, zina zikulowedwa m'malo ndi nyumba zasimenti, ndipo zitseko zosemedwa zimakopa ogula zinthu zakale. Sitingadzudzule mwini nyumba amene denga likumudonthera chifukwa chosankha simenti. Funso ndi lakuti ndalama za pachipata cha linga ndi za m'mahotela a kugombe zimamufika bwanji iyeyo.

Kwa wophunzira wochokera kuno kwathu, langizo langa ndi lakuti akatuluka pachipata cha linga asafulumire kukwera galimoto. Alowe mumsewu wotchedwa Ndia Kuu, ndipo ayambe waima pa dzinalo. M'Chiswahili cha m'sukulu akanati Njia Kuu, ife tikanati njira yaikulu: ndia, njia, njira ndi mawu amodzi a Chibantu, ndipo chikwangwani cha msewuwo ndi amodzi mwa malo ochepa pamene Kimvita chimalembedwa poyera. Apite ku mzikiti wa Mandhry, umene amati ndi wa 1570, wakale kuposa linga. Atsikire ku Leven House, nyumba imene asilikali a Owen ndi Krapf adakhalamo, aone makwerero otsikira kudoko. Madzulo akhale pakhonde ndi akuluakulu akumwa kahawa chungu, khofi wowawa wa m'timakapu ting'onoting'ono, atchere khutu kuti amve ngati akunena nti kapena nchi, mtanga kapena mchanga.

Akakhala ndi tsiku lina apite ku Rabai, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda, kumene kanyumba kopemphereramo ka Krapf ndi Rebmann kadasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale. Buku la 1877 lija likupezeka pa intaneti, choncho akhoza kupita nalo pafoni. Pamene palembedwa d ayese kuika t, pamene pali b ayese p, pamene pali g ayese k, kenaka awerenge mokweza.